Chigongono pa Windo

Ndimafika pa depoti nkhungu isanachoke,
kamera yakale m'thumba la jekete,
batire nditalifumbata ngati mwanapiye.
Mzuzu wa mu Juni salonjera munthu,
amangokuluma makutu.

Anzanga amaweta nkhunda. Ine ndimasunga maminibasi.
Ya ku Ekwendeni ya chitseko chomangira chingwe,
ya ku Nkhata Bay yonunkha nthochi ndi mabuleki opserera,
ndi ija ya ku Rumphi yolembedwa kumbuyo kuti
Ngongole Siigona,
ngakhale malemba awiri anapita ndi mvula.

Poyamba oitanira ankandizemba.
Ankati ndatumidwa kudzawerenga matayala otha.
Suzgo, kondakitala, anandigwira kolala pa Katoto:
Mukujambuliranji umphawi wathu, adada?
Ndinamuonetsa chithunzi chake,
atalendewera pachitseko,
ndalama zopinda pakati pa zala ngati nthenga za tambala.
Anayang'ana nthawi yaitali
kenako anati: Nsapatoyo mukanaibisa.

Kunyumba ku Chiputula mayi a ana amati
ndikanamajambula maukwati
bwenzi denga litasiya kudontha.
Sindiwatsutsa.
Koma mkwatibwi amajambulidwa ndi aliyense.
Ndani adzaikumbukire basi yobiriwira ija
inkakwera Chikangawa ikutsokomola,
lero nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala
kuseri kwa galaja ku Luwinga?

M'kope langa ndinkalemba tsiku, nambala, njira, utoto.
Dzina la munthu ayi.

Lachiwiri lina kunabwera mayi wa mpango wakuda,
NyaMsowoya wa ku Zolozolo.
Akuti mumajambula magalimoto.
Munaijambulapo yoyera ya mzere wabuluu,
yolembedwa Tikafika Ndithu?
Ankayendetsa ndi bambo a kunyumba, a Luhanga.
Chithunzi chomwe anandisiyira ndi cha pachitupa,
ndipo pamenepo si iwo,
akuoneka ngati munthu woti akumuzenga mlandu.

Tinakhala pabenchi ya wogulitsa tiyi.
Ndinabweza zaka m'mbuyo ndi chala chachikulu.
Ndinaipeza kasanu ndi kawiri:
pamvula, padzuwa,
pafupi ndi msika wa Taifa ikupakira mabelo,
pa Dunduzu ili pamzere.
Paliponse galasi lakutsogolo likunyezimira,
mtambo utakhala pamene pakanakhala nkhope.
Nambala yokha ndiyo inkawerengeka bwino.
Ndinaisamala kwambiri nambalayo.
Tiyi wanga anazizira ndisanamukhudze.

Chomaliza chinali cha m'mbali.
Windo lotsitsa,
chigongono chili kunja,
malaya opinda kawiri,
kachipsera kopindika ngati mwezi wongooneka kumene.

Imani pomwepo, anatero.
Chipseracho ndi cha madzi a injini,
chaka chomwe tinabereka Gomezgani.
Malayawo ndinasita ndine.

Anaika chala pakagalasi ka kamera
mpaka kanazima kokha.
Ndinayatsa. Kanazimanso.
Ndinayatsanso.
Kumbuyo kwathu wina ankakuwa
Karonga, Karonga, munthu mmodzi,
ngakhale m'galimotomo munali anthu anayi okha.

Ndinakatsukitsa chachikulu, chonga tsamba la kalendala.
Mnyamata wotsuka zithunzi anafunsa
ngati adule mbali yopanda ntchitoyo,
kuti galimoto ikhale pakati.
Ndalama za mayiyo ndinakana.
Anasiya mapeyala atatu pabenchi,
limodzi linali losapsa,
linakhala pawindo lathu sabata yathunthu.

Masiku ano ndimachedwa kudina.
Ndimadikira dalaivala asuzumire,
alavule, aseke, aitane wa mandasi.
Kopelo ndalijambula mzere wina wa mayina.
Ena amakana kunena,
wina anandiuza lonama, ndinalemba lomwelo.
Zithunzi zambiri zikutuluka zopendekeka
ndipo nambala ikumadukira pakati.

Dzulo Suzgo anandiona ali kutsidya kwa msewu,
anamenya denga kuti galimoto iime,
anthu akudandaula m'katimo,
natukula mwendo m'mwamba pamaso pa tauni yonse:
Adada, jambulaninso,
ndagula zina.